Mmene mungasankhire disiki ya laputopu yosadya moto wa batire

Pafupifupi aliyense amene disiki ya laputopu yake, chipangizo chosungiramo mafayilo, yayamba kuvuta amandifunsa zofanana: "Ndigule iti yoti batire lizikhalitsa?" Amafuna dzina limodzi, kuti akangolimva apite akagule. Komatu dzina limodzi loyenera aliyense palibe. Disiki imene ikusunga moto mu laputopu ya mnzanu ikhoza kukana kulowa mu yanu, kapena ikhoza kulowa bwinobwino koma n'kumadya moto ngakhale pamene inu mwangokhala. Yankho lake ndi lalitali, ndipo ndalibwereza mokwanira, choncho ndalilemba pano lonse.

Gwirani mfundo iyi musanapitirire: disiki ya mu laputopu nthawi yambiri imakhala ikungodikira. Mukamalemba kalata, kuwerenga nkhani pa intaneti kapena kuonera vidiyo, disiki imagwira ntchito kamphindi n'kukhalanso chete. Ndiye chimene chimatha batire kwambiri ndi moto umene disiki imadya ikamadikira, komanso ngati laputopu yanu imailola kugona. Ogulitsa amalemba liwiro m'zilembo zikuluzikulu pabokosi. Zokhudza batire muyenera kuzifufuza nokha.

1. Werengerani kaye phindu limene mungapeze

Moto umene chipangizo chikudya timauyeza m'mawati, ndipo chizindikiro chake ndi W. Wati imodzi ili ndi mamiliwati 1,000, amene amalembedwa mW. Kukula kwa batire kumalembedwa Wh, kutanthauza mawati amene batirelo lingapereke kwa ola lathunthu. Mabatire a malaputopu ambiri ali pakati pa 40 Wh ndi 60 Wh.

Tinene kuti batire lanu ndi la 50 Wh, ndipo laputopu imadya 8 W mukamagwira ntchito zopepuka. Batirelo likutengerani maola 6 ndi mphindi 15. Disiki yatsopano ikachotsapo wati imodzi yokha, n'kutsala 7 W, mufika maola 7 ndi mphindi pafupifupi 9. Apo mwapindula pafupifupi ola. Koma ngati laputopu yanu ndi ija yamphamvu imene imadya 25 W, batire lomwelo limatha m'maola 2, ndipo kuchotsapo wati imodzi kukupatsani mphindi 5 zokha. Laputopu ikakhala yosadya moto kale, disiki yabwino imaonekera kwambiri. Ikakhala yadyera, zimene zikutha batire ndi sikirini, purosesa ndi khadi ya zithunzi.

Onaninso batire lenilenilo. Pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, kenako tsegulani fayilo imene ituluke. Yerekezani Design Capacity, umene ndi moto umene batire linkasunga lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, umene likusunga panopa. Ngati latsala ndi theka, gulani batire kaye. Palibe disiki imene ingadzutse batire lotopa.

2. Dziwani malo amene laputopu yanu ili nawo

Tembenuzani laputopu, werengani nambala ya modelo pansi pake, ndipo sakani buku la okonza la modelo imeneyo. A Lenovo amalitcha Hardware Maintenance Manual, a HP amati Maintenance and Service Guide, a Dell amati Service Manual, ndipo amaliika pa intaneti kwaulere. Bukulo limanena mtundu wa disiki imene imalowamo. Mukalisowa, tsegulani chivundikiro cha pansi muone ndi maso.

Mukapeza malo a disiki ya mainchesi 2.5, polumikizira pake pamatchedwa SATA, ndipo pamalowa HDD (disiki ya timbale tozungulira) kapena SSD (disiki ya machipi) ya SATA. Samalani kunenepa kwake. Pali za mamilimita 7 ndi za mamilimita 9.5. Ya 7 imalowa m'malo a 9.5, mumangoikira kachotchingira kuti isamagwedere, koma ya 9.5 singalowe m'malo a 7. Ma HDD a mainchesi 2.5 a 4 TB ndi 5 TB ndi onenepa mamilimita 15, ndipo m'malaputopu ambiri chivundikiro sichingatseke.

Mukapeza kasoketi kakang'ono kolowetsamo kabolodi kopyapyala, imeneyo ndi M.2. Manambala ake amanena kukula: 2280 ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo palinso zazifupi za 2242 ndi 2230. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. M.2 ndi maonekedwe chabe. Mkati mwake disiki ikhoza kukhala ya SATA kapena ya NVMe, njira yatsopano yothamanga kuposa SATA, ndipo soketi zina zimalandira mtundu umodzi wokha. Disiki ikhoza kulowa, sikulu n'kumanga bwino, koma laputopu osaiona. Kampata ka pamano a disiki kamathandiza pang'ono: za NVMe zambiri zili ndi kampata kamodzi, za SATA zambiri zili ndi tiwiri. Musadalire zimenezo zokha, tsimikizani m'buku. Ngati laputopu ndi yopyapyala kwambiri, tengani disiki yokhala ndi machipi mbali imodzi yokha, chifukwa ya mbali zonse ziwiri imatha kupindika mukamamanga.

Malaputopu ena akale ali ndi mSATA, imene imafanana pang'ono ndi M.2 koma sizilowana. Ena disiki yake ndi yowotcherera pabolodi, monga malaputopu ang'onoang'ono okhala ndi kachipi kosungira kotchedwa eMMC ndi ma MacBook a zaka zaposachedwa. Amenewo simungasinthe, pitani pa sitepe 8.

3. HDD kapena SSD

HDD ili ndi timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga, ndipo mota yake iyenera kuzunguliza timbaleto nthawi yonse imene disiki ili maso. Ya mainchesi 2.5 yozungulira ka 5,400 pa mphindi imadya pakati pa 1.5 W ndi 2 W ikamawerenga kapena kulemba. Ikamangodikira imadya pafupifupi theka la wati kapena kupitirira pang'ono, ngati galimoto yoima koma injini ikulira. Ikazimitsa mota imatsika kufika pa 0.1 W kapena 0.2 W, koma kuti idzuke imafuna masekondi angapo, ndipo poyamba kuzungulira imakoka moto wofika pafupifupi 5 W kwa kanthawi.

SSD ilibe chozungulira, imasunga zonse m'machipi. Ya SATA ikamalemba mwamphamvu imadya 2 W mpaka 4 W, ndipo anthu ena akaona nambala imeneyi amati ndiye kuti HDD ndi yabwino. Apa amalakwitsa pawiri. Choyamba, SSD imamaliza ntchito msanga. Kuwerenga mafayilo okwana 20 GB pa HDD yothamanga 100 MB pa sekondi kumatenga masekondi 200. Chulukitsani ndi 2 W, mupeza 400. Pa SSD ya SATA yothamanga 500 MB pa sekondi ntchito yomweyo imatenga masekondi 40; chulukitsani ndi 3 W, mupeza 120, kutanthauza kuti SSD yawononga moto wochepa pa ntchito yomweyo. Chachiwiri, SSD ikamaliza imatha kugona nthawi yomweyo, n'kumadya 50 mW kapena kucheperapo, ndipo imadzuka inu musanazindikire kuti inagona.

Ine ndimalangiza SSD kwa aliyense amene akudandaula za batire. HDD ndimaivomereza pokhapokha ngati mukufuna malo aakulu kwambiri osungira zinthu ndipo SSD ya kukula kumeneko simungaikwanitse. Ma SSHD, amene ndi HDD yokhala ndi kachipi kakang'ono ka 8 GB, musawawerengere pa nkhani ya moto: timbale take timazungulirabe.

4. Ngati mwasankha HDD

Tengani yozungulira ka 5,400 pa mphindi. Ya 7,200 imathamangirapo pang'ono, koma imadya moto wochulukirapo, imatentha ndipo imachititsa fani kulira kawirikawiri, faniyo n'kumadyanso wake. Pakati pa madisiki awiri ofanana kukula, yokhala ndi kambale kamodzi imapepukira mota kuposa ya timbale tiwiri. Chiwerengero cha timbale chimalembedwa papepala la opanga.

Pali chinanso chimene bokosi silinena. Ma HDD ambiri opyapyala a 1 TB ndi 2 TB amalemba m'njira yotchedwa SMR, pamene mizere ya deta imasanjikizana kuti pakwane zambiri. Mukalemba mafayilo ambiri, disiki yotere imayamba yawaika pamalo ongoyembekezera, kenako imawasanja yokha pamene inu mukuganiza kuti yapuma. Mukhoza kuimva ikugwira ntchito kwa nthawi ndithu mutamaliza kukopa. Njira yakale, imene mizere sisanjikizana, imatchedwa CMR. Sakani nambala ya modelo ya disikiyo pamodzi ndi mawu awiriwa, mudziwa mtundu wake. Ya SMR ndi yabwino posungira zithunzi ndi mavidiyo amene simuwasinthasintha. Kuikapo Windows n'kudzipatsa mavuto a liwiro ndi a batire pamodzi.

5. Ngati mwasankha SSD

Ngati malo anu ndi a mainchesi 2.5 kapena M.2 ya SATA, nkhani ndi yophweka: ma SSD a SATA a makampani odziwika sasiyana kwambiri pa moto. Onetsetsani kuti papepala lake palembedwa DevSleep kapena DEVSLP. Kumeneku ndi kugona kwakuya kumene kunabwera ndi SATA 3.2 mu 2013, ndipo disiki ikafikako imadya mamiliwati osakwana 10.

Pa NVMe kusiyana n'kwakukulu. Madisiki amenewa amadutsa pa PCIe, njira yolumikiza disiki ndi purosesa, ndipo pali mibadwo: 3.0, 4.0 ndi 5.0. Othamanga kwambiri a 4.0 amafika 6 W mpaka 8 W akamalemba, ndipo oyambirira a 5.0 ankapitirira 10 W, moti ankafuna chozizirira chachikulu chimene mu laputopu sichingakwane. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuwerenga, misonkhano ya pa intaneti ndi kuonera mavidiyo, liwiro la 7,000 MB pa sekondi simudzaliona n'komwe. Ya pakatikati imakwanira. Ndipo ngati soketi yanu ndi ya 3.0, disiki ya 4.0 igwira ntchito koma pa liwiro la 3.0.

Ma SSD ena ali ndi kachipi kawokawo ka memore kotchedwa DRAM, ena alibe ndipo amabwereka kachigawo kochepa ka RAM, memore ya laputopu, kudzera m'njira yotchedwa HMB. Opanda DRAM kawirikawiri amadya moto wocheperapo, chifukwa machipi ofuna magetsi amachepa ndi kamodzi. Samsung 980, WD Blue SN570 ndi WD Black SN770 ndi a mtundu umenewu. Koma musalitenge ngati lamulo: SK hynix Gold P31 ya mu 2020 ili ndi DRAM, koma inatchuka chifukwa chosadya moto. Chimene chimalamulira kwambiri ndi kontirola, kachipi koyendetsa disiki yonse, ndi pulogalamu yake ya mkati yotchedwa firmware.

Chenjezo limodzi lalikulu. Pamsika wa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito pamapezeka ma SSD ochokera m'maseva a makampani, akuluakulu ndi olimba, ndipo amakopa. Anapangidwira makina osazima, kotero ambiri sagona n'komwe ndipo amadya wati imodzi kapena kuposa ali chete. Mu laputopu akhoza kutha batire kuposa HDD imene mwachotsa. Pewaninso ma SSD opanda dzina lodziwika amene opanga ake satulutsa pepala lililonse la manambala. Ngati simungapeze manambala a moto, simungadziwe chimene mukugula.

6. Kuwerenga manambala a moto

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi sitepe imene malangizo ambiri amailumpha. Sakani nambala ya modelo ya disiki pamodzi ndi mawu oti datasheet, ndipo tsegulani pepala lochokera kwa opanga eni ake, osati la wogulitsa. Pezani chigawo cha Power. Yang'anani mzere wa kukula kumene mukufuna, chifukwa ya 500 GB ndi ya 2 TB za modelo imodzi zimasiyana manambala.

Yambani n'kutaya nambala yosathandiza. Pa kapepala komata pa disiki pamalembedwa zinthu ngati 5V 1.0A kapena 3.3V 2.5A. Mukachulukitsa mavoti ndi maampu mupeza mawati, 5 W kapena 8.25 W. Umenewu ndi moto wochuluka kwambiri umene disiki ingakoke pa kamphindi, kuti opanga laputopu adziwe mphamvu imene soketi iyenera kupirira. Sukuuzani chilichonse za batire lanu. Ambiri amayerekeza madisiki ndi nambala imeneyi n'kusankha molakwika.

Active, kapena Read ndi Write, ndi moto wa pamene disiki ikugwira ntchito. Vuto ndi loti opanga sayeza mofanana. Ena amalemba moto wa pamene disiki ikulemba mosalekeza, ndiye muona 3 W kapena 5 W. Ena amalemba avereji yochokera pa mayeso otchedwa MobileMark, amene amayerekeza munthu akugwira ntchito za mu ofesi, disiki ikupuma nthawi yambiri, ndiye muona 100 mW kapena kucheperapo. Mukaika 100 mW pafupi ndi 5 W mungaganize kuti ina ndi yabwino maulendo 50, chonsecho madisikiwo akhoza kukhala ofanana. Werengani timawu ta pansi pa tebulo, timene timanena mmene anayezera. Ngati njira zoyezera zasiyana, manambalawo musawayerekeze.

Idle ndi mawu onyenga kwambiri papepala lonselo. Pa HDD amatanthauza kuti timbale tikuzungulira koma palibe chikuwerengedwa. Pa SSD opanga ambiri amalemba nambala ya pamene njira zosungira moto zili zoyatsa. Zikakhala zozimitsa, SSD yomweyo ikhoza kumadya theka la wati, ndipo ya NVMe wati imodzi kapena kuposa. Ndiye Idle ya 30 mW ndi lonjezo lokhala ndi "ngati" wake: ngati laputopu yanu ikuilola.

Pa SATA fufuzani mawu oti DIPM, Slumber ndi DevSleep. DIPM imatanthauza kuti disiki imatha kupempha yokha kuti njira yolumikizira igone. Pa NVMe fufuzani APST, PS3, PS4 ndi L1.2. Disiki ya NVMe ili ndi masitepe a moto, kawirikawiri asanu, kuyambira PS0 mpaka PS4. Atatu oyamba ndi ogwirira ntchito, PS3 ndi kuwodzera, PS4 ndi tulo tofa nato. APST ndi njira imene imailola kutsika masitepewa yokha ikaona kuti palibe choipempha. L1.2 ndi kugona kwa njira ya PCIe yeniyeniyo, pakati pa disiki ndi purosesa. Disiki yabwino ya laputopu imalemba PS4 kapena L1.2 ya pafupifupi 5 mW. Pepala likangokhala chete pa zimenezi, ine ndimaisiya.

Pomaliza yang'anani zimene ena anayeza ndi zida zawo. Tom's Hardware ndi TechPowerUp amayeza moto wa ma SSD amene amawaunika. Fufuzani zinthu ziwiri: kuchuluka kwa MB pa sekondi pa wati imodzi, kumene kumasonyeza moto umene disiki imawononga pomaliza ntchito, ndi moto wa pamene ikudikira. Pa wachiwiriwu onani ngati anayeza ASPM ili yoyatsa kapena yozimitsa. ASPM ndi imene imalola njira ya PCIe kugona. Mayeso a pa kompyuta ya padesiki kawirikawiri amakhala ndi ASPM yozimitsa, pamene a laputopu ndi a ASPM yoyatsa, ndipo amenewa ndi amene akukukhudzani.

7. Yezani musanasinthe, kenako ikani

Musanamasule sikulu iliyonse, dziwani moto umene laputopu ikudya ndi disiki yakale, apo ayi simudzadziwa ngati mwapindula. Chotsani chaja, ikani kuwala kwa sikirini pakati, tsekani mapulogalamu onse, dikirani mphindi 10. Pa Windows pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa Charge Rate pansi pa batire. Pa Linux powertop imaonetsa mawati amene batire likutulutsa. Lembani nambalayo papepala, komanso kuwala kumene munaika ndiponso ngati Wi-Fi inali yoyatsa.

Kopani mafayilo anu ofunika pamalo ena. Ngati disiki ili ndi BitLocker, njira ya Windows yokhomera mafayilo, sungani kiyi yake ya manambala 48 pena pake osati mu laputopu momwemo. Mukhoza kusamutsa zonse ndi pulogalamu ya Clonezilla kapena pulogalamu ya opanga disiki, kapena kuika Windows mwatsopano. Posintha, zimitsani laputopu kotheratu, chotsani chaja, ndipo chotsani batire kapena zulani waya wake pabolodi musanakhudze disiki. Ya M.2 imalowa mopendeka, kenako mumaitsitsa n'kumanga sikulu mosakakamiza.

8. Tsimikizani kuti disiki ikugonadi

Kugula disiki yabwino ndi theka la ntchito. Laputopu, BIOS (pulogalamu ya pabolodi imene imayamba Windows isanayake) ndi Windows kapena Linux ziyenera kugwirizana nayo kuti igone, ndipo chimodzi chikakana, manambala okongola a papepala aja amakhala opanda pake. Kutayako sikuthera pa disiki yokha. SSD ya NVMe ikakana kugona, njira ya PCIe imakhala maso, ndipo purosesa nayo imalephera kufika pa kugona kwake kwakuya. Mukhoza kutaya mawati awiri chifukwa cha disiki imene yokha ikudya wati imodzi.

Musayeze tsiku limene mwaika. Windows imakhala ikusanja mafayilo, kutsitsa zatsopano ndi kufufuza mavairasi, ndiye nambala ikhala yokwera. Isiyeni pachaja ili yoyaka kwa maola angapo, mawa lake muyeze mofanana ndendende ndi poyamba paja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Samalaninso ndi pulogalamu yoyezerayo: HWiNFO ndi CrystalDiskInfo zikamafunsa disiki kutentha kwake pafupipafupi, zimaidzutsa. Tsekani CrystalDiskInfo, ndipo mu HWiNFO zimitsani kuyang'anira disiki, musiye batire lokha.

Ngati nambala sinatsike, kapena yakwera, yambani ndi izi. Pa Windows pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings. Pansi pa PCI Express pali Link State Power Management. Pa batire ikani Maximum power savings. Pulani ya High performance imazimitsa zimenezi, ndiye bwererani ku Balanced. Pa malaputopu ena atsopano malo amenewa ndi obisika ndipo Windows imayendetsa yokha. Pamenepo onetsetsani kuti Power mode siili pa Best performance. Lamulo la powercfg /energy, mukalilemba mu Command Prompt ngati administrator, limayang'ana kompyuta kwa masekondi 60 n'kutulutsa lipoti, ndipo limanena ngati ASPM yazimitsidwa.

Kenako onani pulogalamu ya opanga disiki. Ikani firmware yatsopano ngati ilipo, laputopu ili pachaja, chifukwa mavuto ambiri okana kugona amakonzedwa m'menemo. Koma musayatse Full Power Mode mu Samsung Magician kapena Gaming Mode pa madisiki a WD Black. Ntchito yake ndi kuletsa disiki kugona. Onaninso ngati pali BIOS yatsopano ya laputopu yanu. Pa malaputopu akale a SATA, BIOS ikakhala pa IDE m'malo mwa AHCI, njira zosungira moto sizigwira ntchito. Musangosintha pamenepo Windows itaikidwa kale, chifukwa ikhoza kukana kuyaka. Sinthani musanaike Windows yatsopano, kapena muiyatse kaye mu Safe Mode posinthapo.

Pa Linux, lamulo la smartctl -a /dev/nvme0 limaonetsa tebulo la Supported Power States. Mizere yokhala ndi chizindikiro cha + ndi yogwirira ntchito, ya − ndi yogona, ndipo pambali pake pali mawati a sitepe iliyonse. Amenewa ndi manambala amene disiki ikunena yokha. Ngati munatengapo pa intaneti mawu oti nvme_core.default_ps_max_latency_us=0 pofuna kuthetsa vuto la kompyuta kuuma, dziwani kuti amenewo amazimitsa APST yonse. Mukasintha disiki achotseni muone ngati vutolo lilipobe. Pa SATA, fayilo ya link_power_management_policy iyenera kunena med_power_with_dipm, ndipo TLP, pulogalamu yosungira moto wa batire pa Linux, imaika zimenezi yokha.

Chizindikiro china chosavuta ndi kutentha. Laputopu ikakhala mphindi 15 osaigwira, tsegulani pulogalamu yoonetsa kutentha n'kuwerenga nambala yoyamba imene yatuluka. SSD yogona imakhala yozizira kuposa purosesa. Ikakhala yotentha chonsecho sinagwire ntchito, ndiye kuti inali maso.

9. Chotsani zimene zimaidzutsa

Tsegulani Task Manager, dinani pamutu wa Disk, muone mapulogalamu amene akulemba kapena kuwerenga pamene inu simukuchita kanthu. Kawirikawiri ndi otumiza mafayilo pa intaneti monga OneDrive, Google Drive ndi Dropbox, mapulogalamu a torrent, ndi ofufuza mavairasi awiri oikidwa pamodzi. RAM ikachepa, Windows imagwiritsa ntchito disiki m'malo mwake ndipo disikiyo sipuma. Pa laputopu ya 4 GB, kuwonjezera RAM kumathandiza disiki iliyonse imene mwaika. SSD musamaichite defragment, kusanjanso zidutswa za mafayilo kumene kumathandiza HDD. Windows imaitumizira yokha lamulo la TRIM loyeretsera malo.

Ngati mwasiya HDD yakale mkati ngati disiki yachiwiri, kumbukirani kuti tsopano muli ndi madisiki awiri odya moto. Musaikepo mapulogalamu, ikhale ya mafayilo okha, ndipo mu Change advanced power settings muja, pa Turn off hard disk after, ikani mphindi 10 kapena 20. Musaike mphindi imodzi kapena ziwiri. Kudzuka kulikonse kumakoka moto wambiri, ndipo kamkono kowerenga kali ndi malire a maulendo amene kangabwerere pamalo ake opumira, pa madisiki ambiri a laputopu 600,000. Chiwerengerochi chimaoneka mu CrystalDiskInfo pa mzere wa Load/Unload Cycle Count. Disiki ya kunja ya USB nayonso imadya moto wa batire lanu nthawi yonse imene yalumikizidwa, ndiye mukamaliza kukopa izuleni.

Zimachitika kuti mwayesa zonsezi koma disiki inayake ndi laputopu inayake sizikugwirizana basi, moto osatsika. Bwezeretsani disiki yakale kwa kanthawi muyezenso, kuti mutsimikize kuti vuto ndi yatsopanoyo. Likakhala limenelo, ibwezeni kwa wogulitsa nthawi yobwezera isanathe, mutenge ya kontirola ina. Ngati kubweza sikutheka, iikeni m'kabokosi ka USB ikhale yosungira mafayilo, ndipo ya mkati musankhe modelo imene anthu ena okhala ndi laputopu yofanana ndi yanu anaiyeza pa batire n'kupeza kuti imagona.